Mwana Amene Ankabwezera Miyala

Linali Loweruka m'mawa, ndipo ndinali kuseri kwa nyumba ndikupala kokonati woti ndithire m'chinangwa. Tatu, mkazi wa mlamu wanga, analowa osaodira. Chitenje chake chinali chonyowa mpaka m'mawondo.

"Amake Hidaya, siyani zimenezo. Mwana wanu wagwidwa ku thanthwe."

"Wagwidwa ndi ndani?"

"Bi Kazija. Amupeza pa mauna awo a pweza. Akuti ndi wakuba, ndipo sakunong'ona ayi. Amayi onse akumva."

Ndinavundikira mbale ndi lichero kuti nkhuku zisafikepo, ndinatchula dzina la Mulungu, n'kutsatira Tatu.

Anali masiku aja amene nyanja imaphwa kwambiri, kawiri pa mwezi, n'kusiya thanthwe lonse poyera. Masiku amenewo mkazi aliyense wamphamvu pachilumba chathu cha Pemba amakhala kumeneko ndi dengu ndi kamtengo kosongola, kufuna pweza, nyama yofewa ya m'nyanja imene imabisa miyendo yake isanu ndi itatu m'mauna a m'miyala. Mauna ali ndi eni ake. Palibe mpanda, palibe chizindikiro, koma aliyense amadziwa kuti kuyambira pa mwala wooneka ngati mpando kukafika pa kanjira ka mchenga ndi pa Bi Kazija, chifukwa amayi awo ankagwira pomwepo. Kupisa dzanja mu una wa mnzako n'chimodzimodzi kupisa mu mphika wake.

Bi Kazija, mayi wachikulire wa m'mudzi mwathu, si munthu woipa. Pamene ndinabereka Hidaya, ndi iwo amene ankanditungira madzi mpaka ndinalimba. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo pweza ndiye amawadyetsa. Koma chaka chimenecho mauna awo ankapereka zochepa, ndipo munthu akaona dengu lake likupepuka amayamba kuyang'ana manja a anzake.

Tinawapeza pomwe mchenga umathera. Bi Kazija anali atagwira Hidaya pamkono. M'dzanja linalo anali ndi chitsulo chawo, chidutswa cha zitsulo zomangira nyumba chimene mwana wawo anawabweretsera kuchokera ku tauni. Hidaya anali ndi zaka khumi ndi zitatu, wamtali koma woonda. Zala zake zinali zitachekeka ndi miyala, magazi akutsika pang'onopang'ono. Sankalira. Ankangoyang'ana mapazi ake.

"Bwerani, amake Hidaya, mudzaone ulemu umene mwana wanu akuphunzira ku sukulu," anatero Bi Kazija. "Ndamupeza atagwada pa una wanga waukulu, manja onse awiri ali pamenepo."

"Watenga chiyani, Bi Kazija?"

"Mufunseni mwini wake. Wandiona ndikubwera, waponya m'madzi. Miyezi yonseyi ndimadabwa kuti apweza anga akupita kuti. Kani ndili ndi mnzanga wokolola naye."

"Hidaya, yankha," ndinatero.

"Sindinatenge kanthu, mayi. Ndimabwezera miyala."

Amayi ena anaseka. "Miyalayo inamudandaulira?" anafunsa wina.

"Musiyeni, mawa abwera ndi tsache adzasese nyanja," anatero Tatu, ndipo anasekanso.

Ndinapempha Bi Kazija kuti amusiye mkono, ndipo anamusiya. Mayi wina wachikulire amene sanaseke nawo anang'amba kansalu kumapeto kwa chitenje chake n'kupatsa Hidaya kuti amange zala. Mpaka lero ndimamutchula m'mapemphero anga.

Kunyumba ndinamutsuka zala ndi madzi ofunda. Ndinamaliza kaye kuphika, chifukwa munthu wanjala salongosola bwino. Titadya ndinamufunsa.

Anandiuza kuti mphunzitsi wawo, Mwalimu Shaame, anapempha ku komiti ya asodzi kachigawo ka thanthwe kumapeto kwenikweni, kumene tonse tinakusiya chifukwa kunalibenso kanthu. Kumeneko ana a kalasi lawo ankapita nyanja ikaphwa, kukaphunzira kusamala nyanja. Ine ndinkadziwa kuti amapitako, koma ndinkayesa amakatola mapepala ndi mabotolo basi.

"Mayi, mukatembenuza mwala pofuna nkhono, mumausiya bwanji?" anandifunsa.

"Mmene wagwera."

"Pansi pa mwala pamakhala tinkhanu, mazira a nsomba ndi tizilombo tofewa tosapirira dzuwa. Mwala ukatsala chagada, madzi akamabwerera amapeza zonse zafa. Ndiye pweza adya chiyani? Amasamuka."

"Nanga pa una umafunapo chiyani?"

"Bi Kazija amaswa denga ndi chitsulo kuti afulumire. Una wopanda denga pweza wina salowamo. Inu mungagone m'nyumba yosasuka? Ndinaona mauna awo ali yasa, miyala ili mbwee, ndinawamvera chisoni. Ndinati ndikonze msanga asanafike, iwo adzangoona apweza abwerera."

"Unawapempha?"

Anapukusa mutu.

"Mwalimu anakutuma kumeneko?"

"Ayi. Anati tizigwira pamalo athu pokha."

Ndinamukhulupirira mwana wanga. Koma ndinaonanso kuti analowa pakhomo pa munthu osaodira, ndipo ndinamuuza choncho. Anagwedeza mutu movomera, misozi n'kuyamba kutsika tsopano.

Lolemba anapita ku sukulu, koma anabwerako dzuwa lisanafike pamutu. Anati anyamata anamuchingamira pachipata akugwedeza mikono ngati miyendo ya pweza, akuti, "Bisani madengu, akudutsa." Zimenezo akanapirira. Chimene chinamupweteka n'chakuti mnzake wokhala naye pa desiki anachotsa chikwama pakati pawo n'kuchiika mbali ina.

Anavula yunifomu, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pansi penipeni pa bokosi.

"Sindipitakonso, mayi."

"Mayeso omaliza ali pafupi, mwanawe."

"Wakuba akakhoza mayeso amasiya kukhala wakuba?"

Bambo ake anali ku msasa wa asodzi kutsidya, ndipo sindinafune kuwauza pafoni nkhani yoti angopsa nayo mtima ali kutali. Sindinamukalipire Hidaya, sindinamukokere ku sukulu. Ndikamaliza swala, pemphero lathu lachisilamu, ndinkakhalabe pamkeka ndikupempha chinthu chimodzi, kuti dzina la mwana wanga liyeretsedwe popanda kudetsa la munthu wina. Masiku anapita, yunifomu ili m'bokosi. Hidaya ankatunga madzi m'mamawa anthu asanachuluke pachitsime, kenako n'kudzitsekera m'nyumba.

Lachisanu lililonse ndimatumiza mbale ya mpunga kwa Bi Kazija. Amene ankapititsa anali Hidaya. Lachisanu limenelo ndinanyamula ndekha. Anailandira osandiyang'ana kumaso. Koma madzulo mbale ija inabwerera ndi mwana wa pafupi, muli mandimu a mumtengo wawo monga mwa masiku onse. Ndinadziwa kuti chitseko sichinatsekeke chonse.

Mlungu wotsatira Mwalimu Shaame anabwera pa njinga. Anabwera ndi Bi Mboja, mayi wa mu komiti ya asodzi, amenenso amagwira pweza ngati ife. Hidaya anawapatsa moni waulemu n'kulowa kuchipinda.

"Amake Hidaya, mbali ina ya cholakwachi ndi yanga," anatero Mwalimu. "Ndinaphunzitsa ana koma ndinaiwala amayi awo. Mwana akachita chinthu chimene akulu sanachimvepo, amaoneka wamisala kapena wakuba. Anyamata aja ndawadzudzula, koma kudzudzula kwanga sikungachotse mawu amene ananenedwa pagulu."

"Ndiye titani, Mwalimu?"

"Nyanja iphwanso Loweruka likubwerali. Tikuitana amayi onse adzaone malo a ana. Koma tiyambe tapita kwa Bi Kazija. Si bwino kuti amve kwa ena."

Tinawapeza atakhala pakhonde, akudzisisita mawondo ndi mafuta a kokonati. Anatiyalira mkeka, natipatsa madzi akumwa. Mwalimu anafotokoza modekha za miyala ndi madenga a mauna. Bi Kazija anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwalimu, mawondo anuwo ndi atsopano. Angawa ndi akale," anatero. "Madzi sadikira munthu. Ndi kamtengo ndimakhala pa una umodzi ndikunyengerera ngati ndikufunsira ukwati. Ndi chitsulo ndimaswa, nditenge, ndipite pena. Mundiuze kuti ndibwerere ku kamtengo, mundibwereka miyendo yanu?"

"Mukunena zoona, achemwali," anayankha Bi Mboja. "Chitsulo chimafulumira. Nanenso ndinali nacho. Koma ndikufunseni. Una umene munaswa mwezi watha, mwezi uno mwapezamo chiyani?"

"Ndikanapezamo kukanakhala kuti kulibe akuba."

"Kwa ine kunalibe wakuba, koma mauna anga anauma chimodzimodzi. Bwerani Loweruka mudzaone nokha."

"Ndikaonerere ana akusewera ndi miyala, madzi anga akundithawa? Pitani inu amene mwakhuta."

Ponyamuka ndinatsalira pang'ono. "Bi Kazija, mwana uja sakupita ku sukulu," ndinatero.

Anayang'ana kumbali. "Sindine ndinamuuza kuti asiye."

Ndinatsanzika n'kutsatira anzanga.

Loweruka linafika kukuwala bwino, mphepo ili zii. Ndinauza Hidaya kuti andinyamulire chigubu cha madzi akumwa. Anakana kaye, kenako anafunda mpango mpaka pachipumi n'kunditsatira chapatali. Amayi anabwera ambiri. Ena anabwera kudzaphunzira, ena kudzaseka, ndipo Tatu ananena poyera kuti iye wabwera kudzaona tsache la nyanja.

Malo a ana ndinawadziwa kale. Anali oyera mbee ngati mafupa, moti tinkangowadutsa. Tsopano miyala inali itabiriwira pamwamba, ndipo m'timadziwe munkathamanga tinsomba. Ana anaima m'mizere iwiri, mapazi ali m'nsapato zakale kuti asachekeke. Mtsikana wina dzina lake Mize, yemwe uja anachotsa chikwama, anagwada n'kutukula mwala pang'onopang'ono.

"Amayi, taonani kunsi kuno," anatero.

Tinawerama. Kunsi kwa mwala kunali kofewa, kofiira ndi kwachikasu, tinkhanu tikubalalika, ndipo pakona panali timazira tomatirira ngati thovu.

"Tikaona, timabwezera mmene tinaupezera," anapitiriza Mize. "Mbali yobiriwira kumwamba, mbali yofewa pansi. Osauponya, kuukhazika."

"Nanga ndikakhala ndikufulumira?" anafunsa Tatu.

"Azakhali, mukatsegula mphika mumasiya chivundikiro pansi chifukwa chofulumira?"

Amayi anaseka, ulendo uno akuseka Tatu. Iye anati, "Ana a masiku ano pakamwa," koma anawerama n'kubwezera mwala umene anaugunda ndi phazi.

Ana anationetsa mauna amene anawakonzera madenga. Pakhomo pa ambiri panali zigoba za nkhanu, chifukwa pweza akadya amataya zotsala pakhomo pake, ndipo ndi mmene timadziwira kuti mwini nyumba alimo. Bi Mboja anasankha una umodzi, analowetsa kamtengo n'kumagwedeza mofatsa. Posachedwa mwendo unatuluka n'kukulunga kamtengoko, kenako wina, ndipo anamukoka pweza wonenepa popanda kusuntha mwala ndi umodzi womwe. Pa una wina anatulutsa kakang'ono, kosadzaza chikhatho, n'kukabwezera m'madzi.

"Aka ndi ka mwezi wa mawa ndi winawo," anatero. "Pweza amakula msanga. Mukamusiya lero, mudzamupeza atalemera."

Mwalimu sanalankhule zambiri. Anati, "Amayi, sitikuletsa munthu kugwira pweza. Tonse timadya za m'nyanja. Ana aphunzira zinthu zochepa chabe. Mwala ukautembenuza, uubwezere. Denga la una usaswe. Wamng'ono ndi wamazira uwasiye. Ndipo lero ndikuonjezera china pamaso panu, chimene ndinayenera kutsindika kale: malo a munthu usawakhudze usanapemphe, ngakhale ukufuna kumuthandiza."

Hidaya anali kumbuyo kwa onse, chigubu chili m'manja. Ndinaona mmene ankayang'anira mauna aja. Ena mwa madengawo anaika ndi iye, koma sanasendere.

Ndipamene ndinaona Bi Kazija. Anali pamalo awo, patali ndithu ndi ife, atagwada osasuntha. Ndinayesa mawondo awakanika kudzuka, ndiye ndinapita.

Ndinawapeza pa una wawo waukulu uja. Dengu lawo linali lopanda kanthu. Kumbuyo kwawo kunali mauna amene anaswa, odzaza mchenga. Sanatembenuke, koma anadziwa kuti ndine.

"Chigwirireni mwana uja sindinafikenso pano," anatero. "Ndinati waba kale, ndikatayirenji nthawi. Tawerama uone."

Ndinawerama. Mwala waukulu wosalala unali utakhazikidwa pamwamba pa una, ndipo m'mbali munali timiyala tating'ono totsinira kuti mafunde asaugwedeze. Khomo linali lotsekedwa ndi zigoba kuchokera m'kati, patangotsala kampata. Nditayang'anitsitsa ndinaona diso likundiyang'ana, ndipo kudenga kunkalendewera timikanda toyera ngati mpunga.

"Ndi wamkazi," anatero Bi Kazija. "Ali pa mazira."

"Ndaona."

"Denga ili ndinaliswa ndekha. Ndinaliponya uko, pafupi ndi mchenga. Ndi lolemera, amake Hidaya. Ine ndinachita kuligubuduza."

Kenako analoza m'mbali mwa una.

"Timiyala iti anatsinira ndani?"

"Mukudziwa, Bi Kazija."

Anakhudza timiyala tija ndi chala. Kenako anati, motsitsa mawu, "Wakuba samanga."

Chitsulo chinali m'dzanja lawo. Pweza uja anali wamkulu, ndipo kunyumba kwawo kunalibe ndiwo. Akanangomenya kamodzi. Ndinapemphera chamumtima, koma pakamwa ndinatseka, chifukwa una unali wawo ndipo njala inali yawo. Bi Mboja anali atafika kumbuyo kwathu. Nayenso anawerama n'kuona.

"Mukamusiya, achemwali, mazirawo adzaswa ana osawerengeka," anatero. "Ambiri adzapita ndi madzi, koma otsalawo adzafuna nyumba, ndipo adzabwera pathanthwe pomwe pano ngati nyumbazo zilipo."

Bi Kazija anaika chitsulo m'dengu. Anagwira phewa langa n'kudzuka movutikira. Anangoyamba kulowera kumtunda, madzi atayamba kale kubwerera m'timakwalala. Bi Kazija akudutsa pagulu la amayi, Tatu anatenga pweza mmodzi m'dengu lake n'kumuponya m'dengu lawo, nkhope atayang'ana kwina ngati sakudziwa chimene dzanja lake likuchita. Tatu ndi wapakamwa, koma mtima wake ndi umenewo.

Kunyumba ndinauza Hidaya zimene ndinaona. Maso ake anawala pang'ono atamva za mazira.

"Ndiye anena kuti sindinabe?"

"Sananene kwa anthu."

"Ndiye palibe chasintha, mayi."

"Zawo azidziwa ndi Mulungu wawo. Koma iwe uli ndi zako zoti ukanene. Unalowa osapempha."

"Ine ndikapepese, wondinyozayo ali phee?"

"Sukapepesa kuba, chifukwa sunabe. Ukapepesa chimene unachita. Cha mnzako sichichotsa chako."

Tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka, anapita yekha. Sanachedwe. Anati anaodira, anagwada pakhonde, n'kunena kuti analakwa kukhudza mauna awo osapempha.

"Anayankha chiyani?"

"Anayang'ana zala zanga. Kenako anati, ndamva, pita."

"Basi?"

"Basi."

Yunifomu inakhalabe m'bokosi. Ndinapemphera monga mwa masiku onse, ndipo ndinauza Mulungu kuti nzeru zanga zathera pamenepo.

Papita nthawi tsopano chichitikireni zimenezi. Amayi a m'mudzi mwathu anagwirizana ndi komiti kuti zitsulo zisapitenso ku thanthwe. Sikuti onse anamva tsiku limodzi, ndipo apweza sanabwerere tsiku limodzi, koma madengu athu sapepukanso ngati kale. Ana a sukulu amathandiza amayi achikulire kukonza madenga a mauna, atayamba apempha. Chimene tinaphunzira n'chosavuta kunena. Nyanja ndi nyumba ya zamoyo zimene zimatidyetsa. Tikatenga chakudya tisagwetse nyumbayo. Mwala tiubwezere mmene tinaupezera, wamng'ono timusiye akule, wamazira timusiye aswe. Ndipo ana athu akabwera ndi zimene aphunzira, tiyambe tawamvetsera tisanawaweruze, iwonso ayambe apempha asanachite.

Koma tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri ndi Lolemba lotsatira Loweruka lija limene tinaona pweza wa mazira.

M'mawa ndikukoleza moto wa tiyi ndinamva odi. Anali Bi Kazija, atavala chitenje chawo chopitira ku maukwati, atagwira ndodo yoyendera.

"Mwana ali kuti?"

"Ali m'nyumba."

"Muuzeni avale yunifomu. Ndikumudikira."

Hidaya anamva ali kuchipinda. Anatuluka n'kuima pakhomo. "Bi Kazija, ine sindikupita."

"Sindinakufunse. Mawondo anga andilola ulendo umodzi lero, usanditayitse. Vala."

Anandiyang'ana. Ine ndinangoloza bokosi. Yunifomu inali ndi mizere ya mopinda, ndipo panalibe nthawi yosita. Anavala choncho.

Tinayenda atatu, pang'onopang'ono chifukwa cha ndodo. Podutsa pachitsime Bi Kazija anaima. "Amayi, tulani ndowa, munditsate. Munalipo tsiku lija, mukhaleponso lero." Ena anatula, Tatu patsogolo.

Tinafika ana ali pamzere wa m'mawa. Anyamata aja ataona Hidaya anayamba kukodolana, koma ataona amene wamugwira dzanja anaima chilili. Mwalimu Shaame anabwera kudzatichingamira, ndipo Bi Kazija anapempha kuti alankhule. Anawabweretsera mpando, koma anakana. Anaima kutsogolo kwa ana onse atatsamira ndodo, dzanja lina atagwira mkono wa Hidaya, pamalo pomwe anagwira tsiku lija.

"Ana inu, mukundidziwa," anatero. "Ndine amene ndinati mtsikana uyu ndi wakuba. Ndinanena mokweza, ndiye lero sindinong'ona. Sanabe. Apweza anga ndinawathamangitsa ndekha ndi chitsulo changa, ndipo iye ankandimangira zimene ndinagwetsa. Zala izi zinachekeka chifukwa cha ine. Amene adzamutchulenso dzina lija adzakhala akunama, ndipo bodzalo adzakhala walitenga kwa ine."

Anatembenuka n'kuyang'ana Hidaya kumaso. Mawu sanawatsitse.

"Hidaya, ndinakunyamula uli wakhanda, ndipo ndakunyoza uli wamkulu. Ndalakwira iwe, ndalakwira mayi ako. Pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu awa, ndikhululukire, mwana wanga."